Impso zanu ziwiri zili mwa mayi wina

KHAMPHAN SAENKHAM
Anatisiya pa 14 Meyi ali ndi zaka 64

Achimwene, zaka zakwana zisanu ndi ziwiri chichokereni inu pakati pathu. Kasanu ndi kawiri tawokera mpunga popanda nyimbo zanu m'munda, kasanu ndi kawiri tamweta popanda wotiseka kuti tikuwerama ngati nkhalamba. Chaka chilichonse ndimalemba m'nyuzipepala muno mizere yochepa pansi pa chithunzi chanu, ya kukusowani ndi kukufunirani mpumulo. Chaka chino ndapempha malo okulirapo, chifukwa pali nkhani ya alamu anga a Lamduan imene ndikufuna muimve kwa ine mng'ono wanu, isanakufikeni itapotoka. Eni ake andilola. Anangoti, “Lembani zonse, alamu, koma musandisandutse munthu wabwino.”

Chithunzi chili pamwambachi anasankha okha. Ine ndinkafuna chija muli pa bwalo la kachisi, mukuimba chitoliro chanu cha nsungwi mutatsinzina. Anachikana. Pa chimenecho m'khosi mwanu muli nkhata za maluwa zinayi, ndipo iwo akudziwa kuti anakuvekani imodzi yokha. Eni ake a zitatu zinazo akhala akuwafufuza kwa zaka makumi awiri.

Mukukumbuka mmene zinkakhalira. Galimoto yanu ya mabenchi awiri inkanyamuka m'mamawa, amayi a pamsika atadzaza kumbuyo ndi madengu a achule, mphukira za nsungwi ndi mapapaya aawisi, inu mukuwabwezera nthabwala kudzera pagalasi mpaka ena kupukuta misozi ndi nsalu. Pa mpando wa kutsogolo sipankakhala munthu wamkazi. Limenelo linali lamulo la alamu, ndipo munalisunga zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Ngakhale mayi wapakati munkamupepesa n'kumuyalira pilo kumbuyo. Ine sindinakuoneni mukulakwa. Sindikunena kuti ndinkaona zonse. Ndinu amene munandiuza, masiku aja munkandiperekeza ku sukulu ya madzulo ndili kale ndi ndevu, kuti munthu usamuweruze usanamuone atakwiya ndiponso atakhuta. Mawu amenewo ndi amene andigwira pakamwa zaka zonsezi.

Khadi lopereka ziwalo munasaina kalekale pa chikondwerero cha pa kachisi, pa tebulo la anamwino. Munati thupi ndi lobwereka. Alamu mpaka lero amati munasaina chifukwa namwino wake ankamwetulira.

Tsiku lija munagwa m'mawa pa siteji, mukumanga madengu padenga la galimoto. Mtsempha unaphulika mu ubongo. Pofika tsiku lachiwiri madokotala anatiuza kuti mtima ukugunda chifukwa cha makina, koma inuyo mwapita kale. Namwino wina anabwera ndi pepala, poti khadi palokha silikwanira, pamafunikanso dzanja la a kubanja. Alamu anasaina osafunsa munthu.

Namwino uja anakhala pa foni m'mawa wonse. Masana anabweranso, manja atawaphatikiza pachifuwa, kudzatithokoza. Anati zipatala zisanu zakana impso zanu. Zaka zachuluka, magazi anu akhala akuthamanga kuyambira kale, ndipo zoyeza za tsikulo sizinawasangalatse. Anayamba kutitonthoza kuti mtima wofuna kupereka ndi mphatso kale.

Alamu sanalire. Anafunsa kuti, “Akana? Aziona?”

“Ayi, mayi, aona mapepala.”

“Mwana wanga, impso zimenezo ndazilera ndine. Mchere ndinkabisa, nsomba yowoletsa ndinkawapimira ndi supuni, mankhwala ndinkawaikira m'manja m'mawa uliwonse ngati mwana. Lero munthu amene sanawaonepo n'komwe akuti n'zotha? Imbaninso.”

Namwinoyo anaimbanso. Foni yachisanu ndi chimodzi anayankha Dokotala Wirat wa ku chipatala chachikulu cha mumzinda, amene anzake amamutcha wokunkha, poti amayenda m'mbuyo mwa okolola n'kumatola zimene asiya. Anayenda maola atatu pamsewu. Anadula kachidutswa kakang'ono n'kukayang'ana pa galasi lokulitsa zinthu, impsozo anaziika pa makina opopa madzi ozizira kuti aone mmene zikulandirira, kenako anatiitanira m'kachipinda. Anati imodzi payokha singanyamule munthu, koma ziwiri pamodzi zikhoza. Sazigawa kwa anthu awiri monga amachitira ndi za achinyamata. Zonse zipita mwa munthu mmodzi, wachikulire amene wadikira nthawi yaitali ndipo sangafike kutsogolo kwa mzere ali moyo, ngati mwini wakeyo avomera.

“Ndi mwamuna kapena mkazi?” anafunsa alamu.

“Lamulo silindilola kunena, mayi.”

Alamu anagwedeza mutu ngati amva yankho. Pobwerera kunyumba anandiuza kuti ndi bambo wokalamba, waimvi, mwina mlimi. Chaka chonse choyamba ankamutchula choncho. Mvula ikagwa ankati, “Kaya mkulu uja wawokera.” Ankanyadira, achimwene. Pamsika panalibe amene sanamve kuti zipatala zisanu zinakana ndipo iwo anaumirira.

Kalata inabwera patatha chaka, kudzera ku chipatala, yopanda dzina monga lamulo limafunira. Ndinawawerengera ndine pakhonde, poti maso awo zilembo zing'onozing'ono saziona. Wolembayo ankati anakhala zaka zisanu ndi zinayi pa makina otsuka magazi, katatu pa sabata, madzi akumwa akuchita kumupimira. Ankati dokotala sanamubisire kuti impsozo n'zokanidwa, ndipo iye anayankha kuti okanidwa amamvana. Ndinkayenera kuimira pomwepo. Koma pakamwa panali patathamanga kale, ndipo ndinawerenga mzere wotsatira: “Nanenso mwamuna wanga anandisiya chaka chachitatu cha matenda.”

Alamu anatambasula dzanja, ndinawapatsa kalata. Sanaiike pa shelufu ya chithunzi chanu pamene pamakhala maluwa. Anaipinda kanayi n'kuiponya m'chitini cha misomali.

“Wopanda mwamuna,” anatero, “ndiye amupatsa zonse ziwiri.”

Chaka chachiwiri chipatala chija chinaitana mabanja a opereka ndi anthu olandira ku mwambo umodzi, amonke, ansembe a pa kachisi, kupempherera onse pamodzi. Zithunzi za omwalira anaziimika pamzere, pansi pa chilichonse pali tsiku lake. Mayi wina wochepa thupi, wa zaka zopitirira pang'ono makumi asanu, tsitsi lakuda bii, ankayenda pang'onopang'ono akuwerenga masiku. Atafika pa chanu anaima, anawerengera pa zala, n'kugwada mpaka mphumi kugunda pansi. Amenewo ndi a Sangwan, oluka mikeka, a kumudzi wina kuseri kwa mzinda. Palibe amene anaswa lamulo. Tsiku linanena lokha.

Atadziwa kuti ife ndi ndani anakwawa ndi mawondo mpaka pamapazi pa alamu.

“Akulu anga,” anatero, “ndilibe chobweza.”

“Ndakhala mkulu wanu liti? Kwathu tinabadwa atatu, ndipo onsewo ndimawadziwa.”

Mwana wanu Ratree anawatsina amayi ake pamkono. A Sangwan anangoweramitsa mutu. Ine ndinaona kuti alamu sakuyang'ana nkhope ya mayiyo. Maso awo anali pamimba, m'munsi mwa mchombo.

Pa tsiku lanu chaka chachitatu tinakonza chakudya cha amonke pa kachisi wathu monga mwa nthawi zonse. A Sangwan anatulukira pa basi yoyamba, kadengu ka mpunga womata kali m'manja. Palibe amene anawaitana, komanso palibe amene angathamangitse munthu pa kachisi. Amonke atatha kudya n'kuyamba kuimba, alamu anatenga kamtsuko ka mkuwa n'kuyamba kuthira madzi m'mbale, kuti zabwino za tsikulo ziyende mpaka kumene muli. Ratree anagwira chigongono cha amayi ake, ine ndinagwira cha Ratree, adzukulu anagwira malaya anga, poti wogwira wothira naye wathira. Kumapeto kwa mzere a Sangwan anasendera n'kukhudza malaya a mdzukulu wanu wamng'ono ndi zala ziwiri.

Inu mukudziwa kuti madziwo sadukiza mpaka amonke atamaliza. Alamu anawadukiza. Anaimika kamtsuko, osacheuka, n'kunena motsitsa mawu kuti, “Chotsani dzanja.” A Sangwan anachotsa. Alamu anapitiriza kuthira ngati palibe chachitika.

Anthu anawanena kwambiri pamsika, ngakhale amayi omwe aja ankakwera galimoto yanu. Ine ndinadikira. Patapita masiku ndinawapeza akusinja papaya kuseri kwa nyumba, ndipo ndinafunsa kuti mayi uja analakwanji.

“Alamu, mwaphunzira mpaka kukalamba, koma simudziwa zimene mwana aliyense amadziwa? Opereka m'mbale imodzi amakakumana moyo winawo. Ine ndi bambo a Ratree tapereka mpunga kwa amonke limodzi m'mawa uliwonse, mvula kaya dzuwa, kuti tikapezanenso. Ndiye ndimulowetse ndekha mayi ameneyu pamzere? Ndikabadwenso ndikamupeze ali kale pakhomo akusesa?”

Ndinati mwina zimenezo n'zonena chabe za anthu.

“Ngati n'zonena chabe, madziwo timathiriranji?”

Anapitiriza kusinja papaya wawo.

A Sangwan sanasiye kubwera. Chaka chachinayi ndi chachisanu ankafika pa basi yomweyo, chakudya chawo ankapereka kwa amonke padera, ndipo pa nthawi yothira madzi ankatuluka kukakhala pansi pa mtengo wa bwemba, n'kumathira awo a m'botolo la pulasitiki pamizu. Sankalankhula ndi munthu. Alamu ankakhala chofulatira khomo, koma atatha mwambo ankadziwa mtundu wa bulawuzi imene mayiyo wavala, ndiponso kuti wanenepako m'masaya.

“Akuoneka bwino,” ndinatero tsiku lina.

“Alekerenji? Akudya thukuta langa.”

Choopsa kwambiri chinabwera kudzera mwa Ratree. Alamu anapeza mkeka watsopano m'nyumba mwake, woluka bwino, wa mizere yofiira, ndipo sanafunikire kuuzidwa kumene wachokera. Ine ndinalipo, ndinkakonza mpope wa madzi panja.

“Umakatani kumeneko?”

“Ndimakaona bambo.”

“Bambo ako ali m'khoma la kachisi. Ndinawaikamo ndekha.”

“Amenewo ndi mafupa, amayi. Kuja ukaika dzanja pamimba zimamveka, zofunda. Amandilola.”

Alamu anatembenuka. Anatuluka n'kudzakhala pa chidebe pafupi ndi ine, ndipo analankhula akuyang'ana sipanala imene inali m'manja mwanga.

“Iye amadzuka nawo, amagona nawo, akaseka amaseka nawo. Madzi amene wamwa amadutsa mwa iwo. Ine zaka zonsezi chimene ndatsala nacho ndi kabokosi ka mafupa ndi malaya amene fungo lake linatha kale. Tsopano mwana wanganso akukagwada kumeneko. Ndipo mwaganizapo, alamu, kuti akadzafa adzawotchedwa limodzi? Phulusa limodzi, losasiyanitsika. Ine langa adzangoliika pambali.”

Achimwene, ndinali ndisanaganizepo zimenezo. Sindinathe kuwauza kuti akulakwitsa. Munthu amene wakhala akulondera mpando umodzi wa galimoto kwa moyo wake wonse, umuuza bwanji kuti m'kati mwa thupi mulibe kanthu?

Chaka chatha anapita kwa mkulu wa amonke, nkhalamba ija inkakupemphani galimoto yonyamulira simenti. Anandipempha kuti ndiwaperekeze. Anagwada n'kufunsa mosazungulira ngati pali mwambo wodula chingwe pakati pa inu ndi mayi uja, kuti aliyense akayende njira yake. Mkuluyo anasisita bondo lake lodwala.

“Mayi, ngati mpunga wa m'mbale imodzi umamanga anthu, nanga impso ziwiri? Chingwe chimenecho chinamangidwa kale, madzi athiridwe kaya asathiridwe. Ndipo amene anagwira cholembera tsiku lija si a Khamphan.”

Tinayenda mpaka pa mlatho. Alamu anali atapita kukafuna mpeni wodulira chingwe, anabwerako atauzidwa kuti mfundo anamanga okha, ndipo anaikoka okha pamene anauza namwino kuti aimbenso.

“Ndikanangoti zikomo kwa mtsikana uja n'kupita kunyumba,” anatero.

“Mukanatero?”

“Ayi. Akanazitaya.” Anayenda pang'ono n'kuwonjezera kuti, “Koma zimandipweteka kuti sindikanatha.”

Tsopano ndifike pa za chaka chino. Mu Malichi, kutentha kutafika pachimake, Ratree anabwera ndi uthenga woti a Sangwan agonekedwa ku chipatala cha mumzinda. Matenda anayambira m'chikhodzodzo n'kukwera mpaka ku impso, thupi likutentha ngati mbaula, mkodzo utachepa. Alamu anamva akusankha mpunga, ndipo sanadzutse mutu. Tsiku lachitatu m'mawa ndinawapeza pakhomo panga atavala nsalu yawo ya pa maulendo, kachikwama kali pamiyendo.

“Lizani galimoto, alamu.”

“Tikupita kuti?”

“Musandifunse zimene mukudziwa.”

Dokotala Wirat tinamupeza pakhonde la wodi. Wachita imvi, koma anawazindikira alamu asanadzitchule. Anati, “Mayi a foni yachisanu ndi chimodzi.” Anatiuza, poti a Sangwan anali atamulola, kuti impso zimene zipatala zisanu zinakana zagwira ntchito pafupifupi zaka zisanu ndi ziwiri popanda kudandaula. Tsopano matendawa azigwetsa. Zikhoza kudzuka, zikhoza osadzuka. Vuto ndi lakuti mayiyo anakhala sabata yathunthu akudwala m'nyumba yekha, osauza munthu, poopa kuvutitsa anthu.

A Sangwan anali pa bedi la pakona, nkhope itatupa, milomo itauma. Ataona alamu anayesa kuphatikiza manja koma dzanja lina linali ndi diripi.

“Akulu anga, musadandaule,” anatero ndi mawu ofooka. “Ine sindikuopa. Zaka zisanu ndi ziwiri ndamwa madzi mmene ndafunira. Ndikapita ndikawathokoza ndekha, maso ndi maso.”

Ankati akuwatonthoza. Ine ndinaona nkhope ya alamu, ndipo ndinaidziwa. Ndi nkhope imene ankavala mukachedwa kubwera kuchokera ku chikondwerero.

“Mukawathokoze inuyo? Ine ndili kuno ndikusinja papaya?” Anakoka mpando n'kukhala pafupi kwambiri. “Mvetserani bwino. Inu simupita ine ndisanapite. Ndine wamkulu kwa inu ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo pa njira imeneyo woyamba ndine. Mwamva?”

“Ndamva, akulu anga.”

“Musangoti ndamva. Sabata yathunthu m'nyumba, osauza munthu, ngati zimene mwanyamulazo n'zanu. Adokotala ati mumwe madzi ochuluka bwanji? Dzukani pang'ono.”

Mayi wa pa bedi loyandikana, amene ankamvetsera zonse, anafunsa mwana wake mokweza kuti, “Amenewa ndi mkazi wamkulu ndi wamng'ono?”

“Wamng'ono kulibe,” anayankha alamu osacheuka. “Awa angosunga katundu wa amuna anga.”

Wodi yonse inaseka, ndipo a Sangwan nawo anaseka mpaka kutsokomola. Alamu okha ndi amene sanaseke.

Anandiuza kuti ndibwerere ndekha. Anakhala masiku asanu ndi anayi, akugona pa mkeka pansi pa bedi monga amachitira achibale. Ratree akuti amayi ake ankawapukuta a Sangwan thukuta, kuwadyetsa phala la mpunga lopanda mchere ndi kuwakalipira akasiya theka. Thumba la mkodzo ankaliyang'ana ngati mlimi woyang'ana mitambo, ndipo manambala a anamwino ankawaloweza asanalembedwe. Sankacheza nawo. A Sangwan atayesa kufunsa kuti inuyo munali munthu wotani, anawayankha kuti, “Wanga.” Tsiku lachisanu ndi chimodzi thumba linayamba kudzaza. Anandiimbira foni masana, ndili kumunda.

“Adzuka bambo a Ratree,” anatero. “Unali ulesi basi.”

Dokotala sanalonjeze kanthu. Akuti impso zanu zadzuka koma sizinabwerere pamene zinali, ndipo palibe amene angadziwe kuti zatsala ndi zaka zingati. Alamu tsopano amakwera basi kawiri pa mwezi kukayendera, amatsegula mapoto a mwini nyumba osapempha, amawerenga mapiritsi otsala m'botolo. Akabwerako amadandaula kuti mayiyo ndi wosamva, kuti nyumba yake ndi yafumbi, kuti tsitsi lija amalidetsa ndi mankhwala. Sindinawamvepo akumutchula dzina.

Lamlungu lapitali tinachita mwambo wanu wa chaka chino. A Sangwan anabwera pa basi yoyamba, akuyenda pang'onopang'ono, ndipo nthawi yothira madzi itayandikira anadzuka kulowera ku mtengo wa bwemba ndi botolo lawo. Amonke anali atatsala pang'ono kuyamba. Alamu anaika kamtsuko pansi, anadzuka pamaso pa anthu onse n'kutuluka panja. Tinamva mawu awo.

“Dzuwa limeneli mukufuna muwaphe? Lowani.”

Anabwera nawo atawagwira pamkono, anawakhazika kumbuyo kwawo pamalo a Ratree, anatenga dzanja lawo n'kuliika pa chigongono chawo.

“Gwirani apa. Mtsuko musaukhudze.”

Ratree anagwira a Sangwan, ine ndinagwira Ratree, adzukulu anagwira ine. Madzi anayenda ngati ulusi umodzi mpaka amonke anamaliza. A Sangwan ankalira mwakachetechete, koma dzanja sanachotse.

Titatha, alamu ananyamula mbale kukathira madziwo pamizu ya mtengo, ndipo ine ndinawatsatira. Iwo ndi amene anayamba kulankhula.

“Musandiyang'ane choncho, alamu. Sindinamukonde. Koma ngati chingwecho chilipo kale, bola chidutse mwa ine. Akakumane ine ndili pakati, ndikuona.”

Sindikudziwa, achimwene, ngati kumeneku ndi kukhululuka, ndipo sindifulumira kukupatsa dzina. Nsanje yawo sinachepe ngakhale pang'ono. Chimene ndikudziwa n'chakuti mayi amene akanafera m'nyumba yekha ali moyo, ndipo ali ndi mlonda amene sagona. Ratree akukusowani, amati palibe amene amamutchanso kachule. Adzukulu anu awiri akula, wamkulu mawu ayamba kukhuthala ndipo amaseka ngati inu. Ine ndikamayendetsa galimoto yanu ndimapezeka ndikuyang'ana pagalasi ngati ndili ndi nthabwala yoti ndinene, koma ndilibe.

Alamu andituma uthenga, ndipo ndikuulemba mmene ananenera: “Muwauze kuti adikire. Mayiyu ndibwera naye ndekha, ndipo aziyenda pambuyo panga.” Nditafunsa za maina olemba pansipa anati la a Sangwan lilembedwe, koma pa mzere wakewake, ndipo likhale lomaliza.

Malinga ngati alipo mmodzi wa ife wotha kunyamula kamtsuko, madzi anu sadzaphwa, ndipo dzina lanu silidzachoka pakamwa pathu.

Mkazi wanu mmodzi yekha, Lamduan
Mwana wanu Ratree ndi adzukulu
Mng'ono wanu Udom

Sangwan